Funsani Amakaniko: ngolo yanga ikudya matayala, nditani?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera okhudza matayala ndi ngolo zokokedwa ndi galimoto, mwina poti ndi nyengo yotuta zokolola aliyense akufuna akweze zambiri paulendo umodzi mafuta atavuta chonchi. Ndasankhapo angapo, ena ofanana ndawayankhira limodzi.

Amakaniko, ine ndine mlimi kuno ku Kasungu. Ndili ndi ka Hilux kakale ndipo chaka chatha anyamata owotcherera pa trading pathu pano anandipangira ngolo ya matayala awiri. Matayala anaikako ndi a galimoto yaing'ono, a kaunjika koma mano ake anali bwinobwino, pambali analemba 175/65R14 82T. Ndimakweza matumba 25 a chimanga kupita nawo ku Lilongwe. Ulendo woyamba tayala linaphulika tisanafike pa Madisi, wachiwiri lina linaphulikanso titangodutsa Mponela, matumba mbwee pamsewu anthu nkumaonerera. Anzanga akuti ndi za anthu ansanje kkkk. Vuto ndi chani ndipo ndigule tayala lanji?
*Mlimi, Kasungu*

Bambo, ansanjewo asiyeni kaye, mfiti yake mwailemba nokha m'kalata mwanu ndipo ndi ka nambala 82 ako.

Pa tayala lililonse, ikatha saizi pamabwera nambala ndi chilembo. Ambirife tikamagula timangoti ndipatseni 14, tayang'ana mano, tapondaponda ndi phazi, basi talipira, koma nambala imeneyo ndi imene ikukuuzani katundu amene tayala limodzi lingasenze. Azungu amaitcha load index. Si makilogalamu enieni ayi, ndi nambala yoimira, mumaiwerenga pa tchati chimene ndi chimodzimodzi kaya tayala lapangidwa ku Japan, ku China kaya ku South Africa. 82 ikuimira makilogalamu 475. Chilembo T chija ndi cha liwiro, 190 pa ola, chimene kwa inu chilibe ntchito kwenikweni chifukwa ndi ngolo ya chimanga simungafike kumeneko.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Matumba 25 a 50 kg ndi makilogalamu 1,250, ndipo apa ndikungokhulupirira kuti ndi 50 yeniyeni, tonse tikudziwa matumba ena a kumudzi osokerera pamwamba aja. Ngolo payokha, yachitsulo yowotcherera, tiyerekeze kuti ndi 300. Zonse pamodzi 1,550. Pang'ono pa kulemera kumeneku kumatsamira pa chokokera cha galimoto, tinene 150, ndiye pa matayala awiri a ngolo patsala 1,400, tayala lililonse 700. Tayala la 475 mwalisenzetsa 700. Kuonjezera pafupifupi theka lathunthu la mphamvu yake. Ndipo ku America lamulo lawo limati tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa ngolo kapena pa pikapu, mphamvu yake muigawe ndi 1.1, ndiye 475 ija imatsika kufika cha m'ma 430.

Chimene chimachitika ndi ichi. Tayala lolemedwa limaphwatalala pansi, mukaima kumbuyo kwa ngolo mumaona mimba yake yatuluka m'mbali ngati chule. Likamazungulira mbali zija zimapindika nkuwongoka, kupindika nkuwongoka, kambirimbiri pa mphindi iliyonse, ngati mmene mumathyolera waya popindapinda mpaka watentha m'manja. Kutentha kuja kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati. Nchifukwa chake silinaphulike pakhomo pomwe mukukweza, linadikira muyende makilomita ambirimbiri pa phula wotentha, kufika cha ku Madisi linali litapsa kale mkati. Mukadaima pa Chinkhoma nkuligwira ndi dzanja mukadabweza mkono msanga.

Lofunika ndi tayala la katundu, lija lokhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi. Losavuta kupeza kuno kwathu ndi 195R14C 106/104, la ma minibasi lija, ndipo mwina ndi lomwe lili pa Hilux yanuyo. 106 ndi makilogalamu 950 tayala limodzi, awiri 1,900, pa katundu wanu wa 1,400 mwatsala ndi mpata wa 500. Mpata umenewo musauone ngati malo a matumba ena 10 ayi, ndi wa maenje a pa M1, ndi wa nthawi imene anyamata apakira mopendekera mbali imodzi, ndi wa dzuwa la mu Okutobala. Ine ndimakonda tayala lizisenza osapitirira magawo 8 pa 10 a mphamvu yake.

Koma 950 imeneyo imabwera ndi mpweya wake. Werengani timalemba ting'onoting'ono pafupi ndi rimu, mupeza palembedwa max load ndi mpweya wake, pa matayala ambiri a saizi iyi ndi 450 kPa, amene ndi 4.5 bar kapena 65 psi. Mnyamata wa pa filing'i siteshoni akazolowera kupopa 2.2 galimoto iliyonse akupoperani 2.2 yomweyo, ndipo tayala lanu la 950 lasanduka lofooka ngati lakale lija. Chimanyamula katundu ndi mpweya, tayala ndi thumba chabe losungira mpweyawo. Muzimuuza nokha nambala ndipo muziyang'ana geji ndi maso anu. Onaninso kuti rimu ya ka galimoto kakang'ono ija ikwanira, tayala ili ndi lalikulupo ndiye likhoza kumakhula pa madigadi ngolo ikalemedwa, ndipo mavalavu akale asintheni, ndi otchipa.

Pomaliza mundikhululukire, ndinena chimene simunafunse. Ngolo zambiri zowotcherera pa trading zilibe mabuleki, ndipo ekiselo yake nthawi zambiri imakhala yochotsedwa ku galimoto yaing'ono yakufa. Opanga ma pikapu, Toyota yemwe, amalemba kuti ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Chotsani 300 ya ngolo, atsala 450, ndiwo matumba 9 basi. Ndikudziwa mukuseka, palibe mlimi angapite ku Lilongwe ndi matumba 9 pa ngolo. Koma mukaika matayala amphamvu pa ekiselo yofooka mwangosamutsa vuto, ulendo winawo sikuphulika tayala koma kuthyoka ekiselo kapena kupsa ma bearing, gudumu lonse nkukupitirirani lokha kulowera kudimba. Ngati matumba 25 ndiwo malonda anu, sungirani ndalama ekiselo ya ngolo yeniyeni yokhala ndi mabuleki, pakadali pano gawani, ena akwere m'bodi ya galimoto ena atsale a ulendo wachiwiri.

Ine ndimakhala ku Joni ndipo kawiri pachaka ndimabwera kumudzi ndi double cab yokoka trela ya matayala anayi, timadzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete nkulowera pa Mwanza. Pa galimoto pali 265/65R17 112T. Wogulitsa matayala kuno akundikakamiza kuti ndigule a LT, aja a galimoto za katundu, olembedwa 120/117, akuti amene ndili nawowa sangakoke. Ine ndimaona ngati trela ili ndi matayala ake ndiye a galimoto sizikuwakhudza. Akufuna angondidyera ndalama eti?
*Mayi wa geni, Johannesburg*

Mayi, nonse awiri mwalondola theka.

Zikuwakhudza ndithu, makamaka akumbuyo. Trela yopakidwa bwino imayenera kutsamira kutsogolo pang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 a kulemera kwake kumakhala pa kampira kachitsulo kokokera kaja. Ikapanda kutsamira choncho, kapena mukaika zolemera kumbuyo kwenikweni, ndi pamene imayamba kuvina uku ndi uku mukathamanga, ndipo aliyense amene zinamuchitikirapo potsika mtsetse sayiwala. Ndiye trela ya makilogalamu 2,000 ikuika 200 pa chokokera. Koma chokokeracho chili kumbuyo kwa matayala, pafupifupi mita ndi kachidutswa, ndiye chimagwira ntchito ngati chibonga chotukulira mwala: 200 ija pofika pa ekiselo yakumbuyo yasanduka pafupifupi 280, ndipo 80 yoonjezerayo yachoka kutsogolo. Nchifukwa chake usiku magetsi anu amaloza kumwamba ngati mukusaka akadzidzi, chiongolero nkupepuka. Onjezerani firiji, mabulangete, zigubu za mafuta ophikira ndi zina zonse zili m'bodimo, komanso anthu atatu okhala kumbuyo, muona kuti matayala awiri akumbuyo ndi amene akulira ulendo wonse.

Koma kunena kuti 112 sangakoke ndi bodza la malonda. 112 ndi makilogalamu 1,120 tayala limodzi, awiri 2,240. Tsegulani chitseko cha dalaivala kapena boneti, mupeza kachitsulo kapena sitika yolembedwa kulemera kumene ekiselo iliyonse ikuloledwa. Pa ma pikapu otere nambala ya ekiselo yakumbuyo imakhala yochepera 2,240, kutanthauza kuti matayala amene anabwera ndi galimoto anasankhidwa kale kuti akwanire zonse zimene galimotoyo ikuloledwa kunyamula. Mukagula 120, amene ndi 1,400 lililonse, galimoto siisanduka lole. Masipiring'i ndi omwe aja, mabuleki omwe aja, ekiselo yomwe ija.

Chimene mukugula pa LT ndi kulimba kwa thupi la tayala, limapirira maenje ndi miyala, silitupa chithupsa msanga mukamenya m'mphepete mwa phula wodyeka. Pa njira yanuyo, ndi kutentha kwa ku Tete kuja koti ngakhale madzi a m'botolo amasanduka a tiyi, ine ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula, osati lero koma amene muli nawowa akatha. Dziwani chabe kuti LT imafuna mpweya wambiri kuti isenze katundu yemweyo. Mukaipopa 2.2 ngati akale aja, imanyamula zochepa kuposa akalewo ndipo imatentha kwambiri chifukwa labala wake ndi wochindikala. Izi anthu ambiri sadziwa, amagula tayala lodula nkumaliyendetsa ndi njala. Komanso galimoto ikakhala yopanda katundu mudzamva kugogoda, msana udziwa kuti mwasintha matayala.

Ngati mukhala ndi akalewa, onani pa sitika ya pachitseko, pamakhala mizere iwiri ya mpweya, wina wa galimoto yopepuka wina wa yodzaza. Tsatirani wa yodzaza, ndipo mupope m'mawa musananyamuke.

Ine nkhawa yanga ili pa trela, imene simunandiuze kuti ili ndi matayala anji. Matayala anayi sagawana katundu mofanana nthawi zonse, pokwera hampu kapena polowa pa dzenje ekiselo imodzi imasenza pafupifupi zonse kwa kanthawi, ndipo chokokera chikakhala chokwera kapena chotsika kwambiri ekiselo imodzi imalemedwa ulendo wonse. Ikani trela pamalo osalala itadzaza, iyenera kukhala yowongoka osati yoweramira kutsogolo kapena yopenya kumwamba. Ndipo poti mukunyamukira ku South Africa, laisensi ya code B kumeneko imalola trela yosapitirira 750 kg, yoposa apo imafuna EB, apolisi a pa N1 izi amazidziwa bwino kuposa ife.

Pa 106/104 paja nambala yoona ndi iti? Ine ndimangotenga yaikuluyo.
*Dalaivala, Mzuzu*

Zonse ndi zoona achimwene. Yoyamba ndi ya tayala likakhala lokha mbali imodzi, yachiwiri ndi ya matayala ogundizana awiriawiri ngati kumbuyo kwa Canter kapena Dyna. Akakhala mapasa choncho amatenthetsana ndipo msewu wopendekeka umalemetsa limodzi kuposa linzake, ndiye mphamvu amaitsitsa, 950 imakhala 900. Ngolo ya ma ekiselo awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, amenewo si mapasa, mumawerengera yoyamba ija.

Kwathu kuno tikamagula timangofunsa kuti ndi la mapulayi angati. Ogulitsa anandiuza kuti 8 ply ndi 8 ply basi, lililonse linyamula chimodzimodzi. Ndikufuna la ngolo yonyamulira ma dramu a madzi ndi simenti ku saiti.
*Kontilakita wamng'ono, Zomba*

Ogulitsawo akuuzeni kaye ngati mwana wa zaka 8 ndi ng'ombe ya zaka 8 amanyamula mofanana.

Mawu a pulayi ndi akalekale, nthawi imene matayala ankapangidwa ndi nsalu za thonje zosanjikiza, ndiye nsalu 8 zinalidi 8. Lero mukadula tayala lolembedwa 8PR mupeza nsalu imodzi kapena ziwiri m'mbali ndi malamba a waya pansi pa mano, 8 ija ikungotanthauza kuti ndi lolimba ngati la nsalu 8 lakale, ndipo kwenikweni ikukuuzani kuchuluka kwa mpweya umene lingapirire. Katundu amadalira mpweyawo pamodzi ndi kukula kwa tayala. Tengani ka 145R12 8PR ka timalole ting'onoting'ono ta ku Japan tija, masiku ano amakalemba 145/80R12 86/84N, kamanyamula makilogalamu 530. 195R14C nalonso ndi 8PR koma 950. Onse 8 ply, kusiyana makilogalamu 420, matumba a simenti 8 ndi kachidutswa pa tayala limodzi.

Matayala ena opangidwira msika wa ku America amalemba Load Range ndi chilembo, C ndiye 6 ply, D ndi 8, E ndi 10. Musasokoneze C ameneyu ndi C wa kumapeto kwa 195R14C, uyu akungonena kuti ndi tayala la galimoto za katundu.

Za madzi ndikuchenjezeni. Dramu ya malita 200 ndi makilogalamu 200 a madzi okha, osawerengera kulemera kwa dramuyo, anayi okha mwadutsa 800. Ndipo madzi osadzaza amayenda m'dramu, pokhota amathamangira mbali imodzi nkukankhira kulemera konse pa tayala lakunja. Dzazani mpaka pakamwa, mangani ndi zingwe zenizeni osati za mphira wa chubu zija, ndipo muwaike pamwamba pa ekiselo kutsogolo pang'ono. Nambala za load index ndi makilogalamu ake zoti musunge m'foni ndi izi, 90 ndi 600, 94 ndi 670, 100 ndi 800, 104 ndi 900, 108 ndi 1,000 yeniyeni, 110 ndi 1,060. Zikumbukireni ziwiri zokha, 100 ndi 108, zinazo mudzaziyerekeza kuchokera pamenepo.

Matayala atsopano akwera mtengo moti sitingakwanitse. Kodi a kaunjika ndi oipa onse? Ngolo yanga imagwira ntchito miyezi itatu yokha pachaka, nthawi ya fodya kupita ku Kanengo, kenako imangokhala. Mano ake akadali atsopano ngakhale ndinagula kalekale.
*Mlimi wa fodya, Dowa*

Sindinama kuti sindinagulepo a kaunjika, ndagula, ndipo ena anandithandiza. Koma limodzi linandiphunzitsa. Zaka zapitazo ndinabwereka ngolo kuti ndikatenge malata ndi matabwa a nyumba, matayala ake okongola, mano akuya oti chala chimalowa. Tikutsika mtsetse wa Golomoti uja, wokhotakhota, ndinangomva phwaa phwaa phwaa kumbuyo ngati munthu akuomba mphasa. Kuima kukaona, tayala silinaphwe ayi, mpweya ulimo, koma chikopa chonse cha mano chasendeka ngati nthochi chikukwapula madigadi mpaka kuipinda. Nditawerenga deti ndinapeza tayala linali ndi zaka zoposa 12. Tinakhala pamenepo mpaka madzulo chifukwa sipeya inalipo koma sipanala ya galimoto sinkakwana pa manati a ngolo, chinthu choti ndikadayesa pakhomo.

Deti ili pambali pa tayala. Fufuzani pamene palembedwa DOT, kutsogolo kwake kuli zilembo ndi manambala, ndipo manambala anayi omaliza, nthawi zambiri ali m'kabokosi kozungulira, ndiwo sabata ndi chaka. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nthawi zina amalemba mbali imodzi yokha ndiye mugwade muone mkati, ndipo mukapeza pamalopo papalidwa ndi mpeni musafunsenso mtengo, chokani. Makampani akuluakulu opanga matayala amati likakwana zaka 5 liziyang'anidwa chaka ndi chaka, likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akhale okongola bwanji. Pa ngolo yosenza mabelo a fodya a makilogalamu pafupifupi 100 lililonse ine sindingadikire 10.

Tayala la ngolo silifa ndi kuyenda, limafa ndi kukhala. Miyezi 9 lili padzuwa malo amodzi, mpweya ukuchoka pang'onopang'ono, labala akuuma, udzu wamera mozungulira. Pindani mutu muone pakati pa mano ndi m'mbali, mukaona ting'alu ting'onoting'ono ngati pansi pa dambo louma, latha limenelo. Nyengo ya fodya ikatha ikwezeni ngolo pa zitsa kapena njerwa matayala asagunde pansi, aphimbeni ndi masaka, ndipo muziwapopa ngakhale sakuyenda.

Mukagula kaunjika gulani awiri ofanana saizi ndi nambala, musaike 106 mbali imodzi 82 mbali inayo chifukwa ngolo yonse imakhala ya 82. Muuzeni wogulitsa alichotse pa rimu mulowetse dzanja mkati, mukamva zigamba m'mbali kapena fumbi lakuda la labala wonyenyeka, ndiye kuti linayendapo lopanda mpweya, lisiyeni. Sipeya nayo ikhale ya nambala yomweyo, chifukwa tsiku limene mudzaifune ngolo idzakhala yodzaza.

Tikafika ku Chikwawa masana matayala amatentha kwambiri ndipo geji imaonetsa kuti mpweya wakwera. Abwana anga amati tizichotsako pang'ono kuti asaphulike. Nzoona?
*Wothandizira dalaivala, Blantyre*

Ayi mphwanga, ndipo abwanawo muwauze mwaulemu kuti amakaniko akana. Mpweya ukatentha umakwera, opanga matayala anawerengera kale zimenezo, nambala ija ya pambali ndi ya tayala lozizira. Mukachotsako, tayala limaphwatalala kwambiri, limapindika kwambiri, nkutenthanso kuposa poyamba, ndipo usiku kukazizira mupeza latsala ndi mpweya wochepa zedi. Pimani m'mawa galimoto isanayende kapena itaima maola atatu, masana geji isiyeni.

Mukatsika Thabwa imani pamthunzi muyendere magudumu onse ndi kuseri kwa dzanja. Akatentha onse mofanana ndi dzuwa ndi katundu, pumulani pang'ono ndipo muchepetse liwiro, 80 ndi yokwanira ndi ngolo. Likatentha limodzi lokha kuposa anzake, pamenepo pali nkhani, mwina laponcha likuphwa pang'onopang'ono, ndipo ngati kutentha kukuchokera pakati pa rimu osati pa labala ndiye ndi bearing kapena buleki yogwira. Osathira madzi pa rimu yotentha ndi mabuleki, ingodikirani izizire yokha, mugule mzimbe muzidya.